Mmene mungakonzekere masitazi ndi PhD ya sayikoloje ngati cholinga chanu ndi kudzaphunzitsa pa yunivesite

Ophunzira ambiri amene amatsiriza digiri yoyamba ya sayikoloje, maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, amaganiza kuti akapita ku maphunziro a pamwamba adzaphunzira kukhala pansi ndi munthu wovutika maganizo n'kumupatsa uphungu. Maphunziro otere alipo ndithu, ndipo dziko ngati Malawi likusowa kwambiri anthu odziwa ntchito imeneyi, koma amene cholinga chake ndi kudzakhala lekichala, kenako pulofesa, ayenera kudziwa kuyambira pachiyambi kuti masitazi ndi PhD zimene zidzamufikitse kumeneko ndi sukulu ya kafukufuku. Kumeneko munthu amaphunzira kufunsa funso loti lingayankhike, kutolera umboni, kuusanthula ndi kulemba zimene wapeza mwanjira yoti akatswiri anzake angathe kuzitsutsa kapena kuzivomereza. Yunivesite ikamalemba ntchito mphunzitsi, ndiponso ikamamukweza pa udindo, imayang'ana kwambiri zimene iye wafalitsa m'magazini a kafukufuku, ndipo malangizo onse amene ali pansipa akuchokera pa mfundo imeneyi.

Siyanitsani digiri ya kafukufuku ndi digiri yothandizira odwala

Musanalembe kalata ina iliyonse, dziwani mtundu wa digiri imene mukufunsira, chifukwa mayina ake amasokoneza. Ku America nkhaniyi inakambidwa kalekale. Msonkhano wa ku Boulder, m'chigawo cha Colorado, mu 1949 unagwirizana kuti katswiri wothandiza odwala akhalenso wodziwa kafukufuku, ndipo msonkhano wina wa ku Vail mu 1973 unavomereza digiri ya PsyD, imene imatsindika ntchito yothandiza odwala. Mpaka lero amene akufuna ntchito ya pa yunivesite kumeneko amasankha PhD. Ku Britain kuli digiri ya zaka zitatu yotchedwa DClinPsy imene imakonzekeretsa anthu kugwira ntchito m'zipatala za boma, ndipo ndi yosiyana ndi PhD. Ku South Africa bungwe la HPCSA limalembetsa akatswiri m'magulu osiyanasiyana, monga othandiza odwala, opereka uphungu, a zamaphunziro, a m'makampani ndi a kafukufuku, ndipo gulu lililonse lili ndi masitazi yake. Malo pa masitazi yothandizira odwala ndi ochepa kwambiri ndipo amalimbiranidwa, pamene masitazi ya kafukufuku, imene ndi imene inu mukuifuna, siivuta chotero kulowa. Njira yosavuta yodziwira ndi kuwerenga ndondomeko ya pulogalamuyo n'kuona kuti buku la kafukufuku limene wophunzira amalemba pomaliza lili ndi gawo lalikulu bwanji pa malikisi onse. Ngati ndi kagawo kochepa, digiriyo ingakhale yabwino pa ntchito zina, koma idzakuvutitsani podzafunsira PhD.

Zoyenera kuchita mudakali kwanu

Magiredi a digiri yoyamba ndiwo chipata. Amene adakali m'kalasi, kaya ku yunivesite ya Malawi ku Zomba kapena kwina, alimbikire kuti atuluke ndi distinction kapena credit yamphamvu, popeza mayunivesite athu akhala akutenga ophunzira okhoza bwino chotere kukhala ma staff associate, kutanthauza aphunzitsi ongoyamba kumene othandizira malekichala, ndipo udindo umenewu, ngakhale malipiro ake ndi ochepa, umatsegula mwayi wa tchuthi chokaphunzira ndi masikolashipu amene amaperekedwa kwa ogwira ntchito pa yunivesite okha. Amene anatsiriza kale ndi magiredi apakatikati asataye mtima, koma adziwe kuti ayenera kuphimba mpata umenewo ndi ntchito yooneka. Kugwira chaka chimodzi kapena ziwiri ngati wothandizira kafukufuku m'mabungwe a kafukufuku, monga ku Malawi-Liverpool-Wellcome mu Blantyre, ku MEIRU ku Karonga kapena ku Lilongwe, ku Centre for Social Research ku Zomba kapena pa kafukufuku wa ku KUHeS kumaphunzitsa zinthu zimene kalasi silingaphunzitse, komanso kumakupatsani munthu wodziwika woti adzakulembereni kalata ya umboni. Mukakhala pa ntchito yotere musakhutire ndi kungofunsa mafunso m'midzi n'kulandira alawansi. Pemphani kuti muzikhala nawo pamene zotoleredwazo zikusanthulidwa, ndipo funsani mwaulemu zimene mungachite kuti dzina lanu lidzakhale pakati pa olemba pepala lofalitsa zotsatira za kafukufukuyo.

Chinthu chimene ambiri amachithawa ndi masamu a ziwerengero, ndipo ndi chimene chimagwetsa ambiri m'chaka choyamba cha masitazi. Ena anasankha sayikoloje pothawa masamu a ku sekondale, choncho uthenga uwu sauukonda, koma palibe njira yolambalala. Pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira ziwerengero ya SPSS ndi imene imaphunzitsidwa kwambiri kwathu, komabe laisensi yake ndi yodula, pamene R, jamovi ndi JASP ndi zaulere ndipo zimagwira pa laputopu wamba. Yambani ndi jamovi ngati mukuopa kulemba malamulo a kompyuta, kenako mupite ku R. Chifukwa chimene madipatimenti abwino akuumirira kwambiri luso limeneli masiku ano ndi manyazi amene sayikoloje inakumana nawo mu 2015, pamene gulu lalikulu la akatswiri linabwereza kafukufuku 100 amene anali atafalitsidwa kale m'magazini otchuka, ndipo ndi 36 peresenti yokha imene inaperekanso zotsatira zodalirika. Kuchokera pamenepo, wofunsira PhD amene amadziwa kuwerengera chiwerengero cha anthu ofunika pa kafukufuku asanayambe, komanso kulembetsa ndondomeko yake poyera asanatolere umboni, amaoneka kuti wakhwima kusiyana ndi anzake.

Funso limene mudzapite nalo

Pano ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene wophunzira wochokera kwathu ali ndi chuma chimene anzake a ku London kapena Boston alibe, koma kawirikawiri sachizindikira. Mu 2010 akatswiri atatu, Joseph Henrich, Steven Heine ndi Ara Norenzayan, anasonyeza kuti anthu 96 mwa 100 alionse amene anafufuzidwa m'magazini akuluakulu a sayikoloje anali ochokera ku mayiko olemera a azungu, amene ali ndi anthu 12 peresenti yokha ya dziko lonse lapansi. Tanthauzo lake ndi lakuti zambiri zimene mabuku amati ndi khalidwe la munthu zinayesedwa pa kagulu kochepa ka anthu, ambiri mwa iwo ophunzira a pa yunivesite. Choncho pulopozo (chikalata chofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita) imene imangotenga mutu wa m'buku, monga kudzidalira kwa achinyamata, n'kuwonjezera mawu oti "ku Malawi" kumapeto, ndi yofooka. Yamphamvu ndi imene ikusonyeza malo enieni pamene chiphunzitso chodziwika chikulephera kufotokoza zimene mukuziona pakati pa anthu anu.

Chitsanzo chabwino chili pafupi, ndipo chinachitika m'chinenero chathu chomwechi. M'zaka za m'ma 1970, Robert Serpell wa ku yunivesite ya Zambia anapita m'midzi ya Achewa m'boma la Katete kukafunsa akuluakulu kuti mwa ana a m'mudzimo angatume uti pa ntchito zosiyanasiyana, ndiponso chifukwa chake. Anapeza kuti mawu oti nzeru kwa iwo anali ndi mbali ziwiri, kuchenjera ndi kutumikira, kotero kuti mwana wochenjera koma wosatumika sankayesedwa wanzeru kwenikweni. Mayeso a nzeru ochokera kunja amayesa mbali yoyamba yokha. Pa kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 1979, iye anapempha ana a ku Zambia ndi a ku England kuti akopere zithunzi zofanana pogwiritsa ntchito waya, pensulo ndi dongo. Ana a ku Zambia, amene anazolowera kupinda magalimoto a mawaya, anapambana pa waya, a ku England anapambana pa pensulo ndi pepala, ndipo pa dongo magulu awiriwa anafanana. Aliyense amene anakulira m'mudzi kapena m'komboni akanatha kulosera zotsatirazi, koma panafunika munthu woti asandutse zimenezi funso la sayansi n'kuliyesa mwadongosolo. Pambuyo pake Serpell ndi anzake anapanga mayeso otchedwa Panga Munthu, pomwe mwana amaumba munthu ndi dongo.

Ntchito yamtundu umenewu ikupitirira, ndipo ndi bwino kuiwerenga musanalembe pulopozo kuti musabwereze zimene ena anachita kale. Mu 2010 Melissa Gladstone ndi anzake anafalitsa chida choyezera kakulidwe ka ana chotchedwa MDAT, chimene chinapangidwira ana a kumidzi ya Malawi. Mafunso 20 a bungwe la WHO oyezera kuvutika maganizo, otchedwa SRQ-20, anamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa pa amayi a ana aang'ono, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2009. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anamanga ntchito ya Friendship Bench pa mawu a Chishona oti kufungisisa, amene ndi ofanana ndi kuganiza kwambiri kumene timanena kwathu, ndipo kafukufuku wosonyeza kuti uphungu woperekedwa ndi anthu wamba ophunzitsidwa umathandiza unatuluka m'magazini ya JAMA mu 2016. Kuno ku Malawi, katswiri wa sayikoloje Chiwoza Bandawe wakhala akulemba za umunthu monga maziko a sayikoloje. Pakati pa ntchito zimenezi pali mipata yambiri: mmene ana amaphunzirira kuwerenga akasintha kuchoka ku Chichewa kupita ku Chingerezi mu sitandade 5, mmene mabanja a m'maboma a kum'mwera anapiririra pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023, kapena mmene mawu oti nkhawa, kukhumudwa ndi kudandaula amasiyanirana pakamwa pa wodwala. Sankhani funso limodzi laling'ono loti lingathe m'zaka zitatu ndi ndalama zochepa. Vuto lofala kwambiri pa mapulopozo a ophunzira athu ndi kufuna kuthetsa mavuto onse a dziko m'buku limodzi.

Sankhani woyang'anira musanasankhe yunivesite

PhD ndi ubale wa zaka zitatu mpaka zisanu ndi munthu mmodzi kapena awiri, ndipo dzina lalikulu la yunivesite silidzakupulumutsani ngati woyang'anira kafukufuku wanu sayankha makalata. Yambani ndi mapepala amene mwawerenga pa funso lanu, onani mayina amene akubwerezedwa m'zaka zisanu zapitazi, kenako fufuzani kumene anthuwo akuphunzitsa. Polemba imelo yoyamba, muifupikitse: dzina lanu ndi digiri yanu, pepala lawo limene mwawerenga ndi mfundo imene yakukhudzani, funso lanu m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, ndi pempho lofuna kudziwa ngati akulandira ophunzira chaka chikubwerachi. Phatikizani CV ndi tsamba limodzi kapena awiri a pulopozo. Makalata oyamba ndi matamando ataliatali kapena ndi kufotokoza umphawi wa kwanu, ngakhale zili zoona, kawirikawiri sayankhidwa, ndipo kalata imodzi yotumizidwa kwa mapulofesa makumi awiri nthawi imodzi imadziwika msanga. Akakuyankhani bwino, musathamangire kuvomera. Pezani ophunzira awo akale n'kuwafunsa kuti ankakumana kangati pa mwezi, kuti ndemanga pa zolemba zinkabwera patapita nthawi yaitali bwanji, komanso kuti pa mapepala otuluka mu kafukufuku wa wophunzira dzina loyamba limakhala la yani. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani iyi phulalo limadyedwa kwa zaka zinayi.

Dziko, nthawi ndi ndalama

Kwa ambiri a ife South Africa ndiye pafupi ndiponso yotsika mtengo. Pangano la SADC la zamaphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997, limachititsa kuti ophunzira ochokera m'mayiko a m'chigawochi azilipira fizi yofanana ndi eni dziko, ngakhale mayunivesite ena amawonjezera kandalama ka ophunzira akunja. Muyenera kutumiza satifiketi yanu ku bungwe la SAQA kuti aiyeze, ndipo ntchito imeneyi imatenga nthawi, choncho iyambeni msanga. Kumeneko pakati pa digiri yoyamba ndi masitazi pali chaka cha honours, ndipo ena ochokera kwathu amauzidwa kuti ayambire pamenepo ngakhale anaphunzira zaka zinayi. Mayunivesite a Cape Town ndi Stellenbosch amayendetsa limodzi masitazi ya thanzi la maganizo la anthu onse kudzera ku Alan J Flisher Centre, imene yaphunzitsa ofufuza ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa. Ku Britain masitazi imatha chaka chimodzi ndipo PhD imatenga zaka zitatu kapena zinayi, yopanda makalasi ambiri, n'kuthera pa mayeso a pakamwa pamaso pa oyesa awiri, wina wa pa yunivesite pomwepo ndi wina wakunja. Ku America PhD imatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri, imayamba ndi makalasi, ndipo munthu angalowe ngakhale alibe masitazi. Mapulogalamu abwino a kafukufuku kumeneko amachotsa fizi ndi kupereka ndalama ya mwezi ndi mwezi posinthana ndi kuphunzitsa kapena kuthandiza kafukufuku, ndipo ambiri amatseka kulandira mafomu chakumayambiriro kwa Disembala kwa amene adzayambe mu Ogasiti kapena Seputembala wa chaka chotsatira. Ngati yunivesite ya ku America yakulandirani pa PhD koma ikuti mudzilipirire nokha, langizo langa ndi lakuti mukane.

Masikolashipu odziwika ndi a Commonwealth, amene ali ndi mtundu wina wolola munthu wolembetsa PhD kwawo kukakhala miyezi 12 ku yunivesite ya ku Britain, a Beit Trust amene ndi a nzika za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, a Fulbright kudzera ku ofesi ya kazembe wa America, ndi a Chevening, amene amalipira masitazi ya chaka chimodzi, amafuna kuti munthu akhale atagwira ntchito zaka ziwiri ndipo amamulamula kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri akatsiriza. Kwa amene ali kale pa ntchito ya pa yunivesite, mabungwe ngati CARTA ndi AMARI athandiza ofufuza a mu Africa kuchita PhD osachoka kwathunthu pa ntchito zawo. Zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho musalembe msanga kwambiri. Ndipo musanalipire tambala iliyonse ku yunivesite yophunzitsa pa intaneti imene yakulonjezani PhD ya miyezi yochepa, funsani ku bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro a pamwamba ku Malawi, ngati digiri yake idzavomerezedwe kuno.

Mukalowa

Ngati umboni wanu mudzautolera ku Malawi pamene mwalembetsa kunja, mudzafunika chilolezo cha makomiti awiri oona za chilungamo pa kafukufuku, ya ku yunivesite yanu ndi ya kuno, monga COMREC, NHSRC kapena komiti ya bungwe la NCST yoona kafukufuku wa za chikhalidwe cha anthu. Ikani miyezi ingapo ya ntchito imeneyi pa ndondomeko yanu, pamodzi ndi nthawi yokaonekera kwa akuluakulu a boma limene mukagwireko ntchito ndi kwa mafumu. Mafunso omasuliridwa kuchokera ku Chingerezi ayenera kumasuliridwanso kubwerera ku Chingerezi ndi munthu wina amene sanaone oyambirira aja, kenako kuyesedwa pa anthu ochepa, chifukwa chiganizo cholondola pa pepala chingamveke chachilendo kwa gogo wa ku Ntchisi. Popeza mafunso a sayikoloje amatha kutsegula mabala, komiti idzafuna kudziwa kumene mudzatumize munthu amene mwamupeza ali pa chiopsezo, ndipo yankho lake liyenera kukhala chipatala kapena mlangizi weniweni amene mwagwirizana naye kale.

Yambani kulemba mapepala PhD isanathe. Mayunivesite ambiri tsopano amalola kuti buku la PhD lipangidwe ndi mapepala atatu kapena anayi ofalitsidwa, ndipo kwa wofuna ntchito ya uphunzitsi njira imeneyi ndi yopindulitsa, chifukwa amatuluka ndi digiri ndi mapepala nthawi imodzi. Malawi Medical Journal, South African Journal of Psychology ndi Journal of Psychology in Africa ndi malo oyenera kuyambirapo, koma yesaninso magazini a mayiko onse a nthambi yanu, popeza ambiri amachotsa ndalama yofalitsira kwa olemba ochokera ku mayiko osauka ngati apempha. Chenjerani ndi magazini achinyengo amene amakutumizirani imelo yokutamandani n'kulonjeza kufalitsa pepala m'masabata awiri mukalipira madola. Komiti yokweza maudindo imawadziwa, ndipo pepala lotayidwa kumeneko silingafalitsidwenso kwina. Onani ngati magaziniyo ili pa mndandanda wa magazini odalirika, monga wa Scopus, wa DOAJ kapena wa unduna wa maphunziro a pamwamba wa ku South Africa. Pepala lanu likakanidwa, kapena likabwerera ndi ndemanga zowawa, dziwani kuti zimenezi zimachitikira ngakhale mapulofesa. Lisiyeni masiku awiri, kenako yankhani ndemanga iliyonse payokha.

Vomerani mwayi wophunzitsa timagulu ta ophunzira a digiri yoyamba, koma musalole kuti udye nthawi yonse ya kafukufuku, ndipo sungani ndemanga zimene ophunzirawo alemba za kaphunzitsidwe kanu chifukwa zidzafunika pofunsira ntchito. Pitaninso ku msonkhano umodzi pa chaka ngati ndalama zilola, monga wa bungwe la akatswiri a sayikoloje la PsySSA ku South Africa kapena wa Pan-African Psychology Union, imene inakhazikitsidwa ku Durban mu 2014.

Konzekerani kubwerera chaka chomaliza chisanafike

Amene anapita pa tchuthi cholipidwa amakhala atasaina pangano loti adzagwira ntchito zaka zingapo akabwerera, ndipo ayenera kuliwerenga bwino asananyamuke. Chimene chimadikira pa dipatimenti ndi makalasi a anthu mazanamazana, mapepala a mayeso osatha kuchonga ndi maudindo a mu ofesi amene amaperekedwa msanga kwa aliyense wobwera ndi PhD yatsopano, ndipo ndaona ambiri akusiya kufalitsa m'zaka ziwiri zoyamba, n'kukhala pa udindo wa lekichala kwa nthawi yaitali osakwera. Choncho musananyamuke kumene mukuphunzirako, gwirizanani ndi woyang'anira wanu polemba za amene adzasunge umboni umene munatolera ndi mapepala amene atsala kuti alembedwe, tengani mapepala awiri olembedwa kale pang'ono oti mudzawatsirize muli kunyumba, ndipo tumizani pempho la ndalama za kafukufuku wotsatira, kapena la malo a postdoc (ntchito ya kafukufuku ya munthu amene wangotsiriza PhD), miyezi isanu ndi umodzi mayeso anu omaliza asanachitike. Mukafika, pemphani mkulu wa dipatimenti kuti pa ndondomeko ya makalasi akusiyireni tsiku limodzi pa sabata lopanda kuphunzitsa, ndipo ophunzira a chaka chachinayi amene mwapatsidwa kuti muwayang'anire muwagawire tizigawo ta funso lanu lomwe lija, kuti zimene atolere zidzathe kuphatikizidwa kukhala pepala limodzi lokhala ndi mayina awo ndi lanu.